GASI AKHALE MCIRIKIZO, OSATI MZATI

Caka ca 2024 cinaphunzitsa mtundu wa Zambia phunziro lowawa. Cilala cinaphwetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo m'madera ambiri magetsi anali kuzima kufikira maola 21 pa tsiku. Zigayo zinaima, owocherera zitsulo anakhala manja lende, ndipo amai ambiri anabwerera ku mbaula, mitengo nigwa cifukwa ca makala. Umo ndi m'mene zimakhalira pamene dziko litenga mbali yaikulu koposa ya magetsi ake ku madzi.

Ncifukwa cake nkhani ya gasi wocokera pansi pa nthaka iyenera kulingaliridwa mofatsa. Pakupanga magetsi a muyeso umodzimodzi, gasi atulutsa pafupifupi theka la mpweya wotenthetsa dziko umene malasha atulutsa, ndiponso sasiya phulusa. Makina ake ayaka ndi kuzima msanga, kotero akhoza kutseka mpata pamene dzuwa lalowa kapena mitsinje yacepa.

Zambia sakumba gasi, koma anansi ake ali naye. Kuyambira mu 2004, Tanzania apanga magetsi ndi gasi wa ku Songo Songo, ndipo mu 2015 anatsegula paipi yocokera ku Mtwara kufika ku Dar es Salaam, yodyetsa makina a ku Kinyerezi. Mozambique naye atumiza gasi wa ku Pande ndi Temane ku South Africa kuyambira mu 2004, ndipo wina apangira magetsi ku Ressano Garcia. Mtundu umene unayala paipi ya mafuta ya Tazama mu 1968 udziwa kale phindu la kugwirizana ndi anansi.

Komabe, walira mvula walira matope. Gasi agulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mtengo wake unakwera koopsa mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itabuka. Akathawa m'mapaipi osatenthedwa, atenthetsa dziko kwambiri kuposa utsi wake. Ndiponso nkhondo ya zigawenga ku Cabo Delgado inaimitsa nchito yaikulu ya gasi pafupi ndi Palma mu 2021. Dziko limene lingaike moyo wake wonse pa gasi lingangosinthanitsa cilala ca mvula ndi cilala ca ndalama.

Njira yanzeru njoonekeratu. Boma lifulumize nthambo zazikulu zolumikiza Zambia ndi Tanzania ndi Mozambique, kuti magetsi a gasi azigulidwa pa mapangano okhazikika, osati mothamanga njala itafika kale pakhomo. Pa nthawi imodzimodziyo, magetsi a dzuwa aonjezedwe, kuti madzi a m'Kariba ndi Kafue azisungika masana ndi kugwira nchito usiku.

Cilala cinabwera mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024, ndipo cidzabweranso. Mlimi wothirira, mwini cigayo ndi mwana wa sukulu wowerenga usiku ayembekeza kuti atsogoleri adzamanga nkhokwe mvula ikali kugwa.