Nyimbo yowerengera miyendo yatsala ndi agogo okha

Mwezi ukawala, ana ankakhala pabwalo atatambalitsa miyendo, mmodzi n'kumagunda mwendo uliwonse motsatira nyimbo. Mwendo umene nyimbo yatherapo unkapindidwa. Lero akuluakulu ambiri akaiyamba nyimboyo, pofika pakati mawu amawathawa, n'kungotsala kung'ung'udza.

N'zosadabwitsa. Mawu ena analibe n'tanthauzo lomwe, ndipo mudzi uliwonse unkaimba mwakemwake.

Si nyimbo yokhayi imene ikuiwalika. Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, komabe mwana wa ku Ndirande amawerenga wani, thuu, firii, ndipo "zisanu ndi ziwiri" zimamuzunguza mutu. Aphunzitsi a Sitandade 1 akanachita bwino kuitanira agogo m'kalasi, foni ili m'manja, n'kujambula nyimbo yowerengera miyendo ija mmene agogowo akuimbira, osakonzamo ngakhale liwu limodzi.