Ulendo wa Ntchito Suletsa Moni

Galimoto za maofesi zodutsa pa Liwaladzi, pamsewu wa M5 pakati pa boma la Nkhotakota ndi Dwangwa, n'zambiri ndithu. Zimanyamula alangizi a zaulimi ndi zausodzi, oyendera masukulu, ogwira ntchito zachipatala ndi a mabungwe osiyanasiyana. Ena mwa iwowa anaphunzira kapena kugwirapo ntchito m'dera lomweli, ndipo ali ndi anzawo amene atha zaka osaonana nawo. Kodi n'koyenera kuti munthu wotumidwa pantchito apatuke kukaona malo ndi kukacheza ndi abwenzi? N'koyenera, malinga ntchito itsogole ndipo ndalama zichoke m'thumba mwake.

Choyamba, dera limeneli si loti munthu n'kulidutsa atatsinzina. Kumwera kwa Liwaladzi kuli mtsinje wa Bua, umene mpasa zimakwera kukaswana. Kumadzulo kuli nkhalango ya Nkhotakota, yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, ndi kumene anasamutsirako njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Kumpoto kuli minda ya nzimbe ya Dwangwa, kumene fakitale inayamba kupanga shuga mu 1979. Paboma pali mtengo umene umakumbutsa kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe pa nkhani ya malonda a akapolo, ndiponso manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895. Alendo amalipira ndalama zankhaninkhani kuchokera kutsidya la nyanja kudzaona zimenezi. N'chamanyazi kuti mwana wa dziko lino, amene wafika kale pakhomo, abwerere ku Lilongwe atangoona chipinda chogona ndi holo ya msonkhano.

Chachiwiri, kucheza ndi mnzako wakale kumathandiza ntchito yomweyo. Pamsonkhano wokhala ndi mafumu ndi akuluakulu, anthu amayankha mwaulemu zimene akuganiza kuti mlendo afuna kumva. Koma madzulo pakhonde, kondowole ndi usipa zili pamphasa, mphunzitsi kapena msodzi amene munthu anakula naye amanena mosabisa chifukwa chake ana amajomba kusukulu nsomba zikachuluka, kapena mmene mpunga unaonongekera madzi atasefukira. Zoterezi sizilembedwa pa fomu, komabe ndizo zimapatsa lipoti mutu. Pamwamba pa izo, mwambo salola kuti munthu adutse pafupi ndi nyumba imene munagwa maliro osakapepesa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ndipo wodutsa osapereka moni amasiya mbiri yakuti udindo wamukuza mtima.

Komabe mbali ina ya nkhaniyi ndi yowawa. Alipo antchito amene amasandutsa ulendo wa ntchito kukhala tchuthi. Alimi amaitanidwa kuti asonkhane m'mawa, amasiya makasu ndi kukhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka, pamene mlendo wawo ali kudooko kutsatsa chambo, kapena akuzungulira midzi kugula matumba a mpunga ndi mafuta a boma. Akafika, msonkhano wa maola atatu amaudula n'kukhala wa mphindi makumi awiri, nasainitsa maina, nalandira alawansi yathunthu. Uku ndi kuba kuwiri: kubera amene analipira ulendowo ndi kubera mlimi tsiku lake la kumunda. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pachifukwa chimenechi ena amati kupatuka kulikonse kuletsedwe. Maganizo amenewa ndi omveka, koma sangachize nthendayi. Waulesi adzapezabe njira yozembera, pamene wokhulupirika adzasanduka mlendo m'dziko lake lomwe. Chofunika ndi malire odziwika bwino. Nthawi imene anthu anauzidwa isungidwe, ndipo ntchito ithe yonse munthu asanaganize za kunyanja. Galimoto ya ofesi igone pamene iyenera kugona. Wofuna kukaona mnzake akwere kabaza kapena minibasi ndi ndalama zake. Wofuna kukhalako tsiku lina apemphe kwa mkulu wake poyera, ndipo tsikulo asalilembere alawansi. Asaiwalenso kuti mnzake wa kumudziyo sindiye analandira ndalama ya ulendo: kufika chimanjamanja ndi kusiya nkhuku itaphedwa si chibwenzi ayi. Paketi ya shuga ndi sopo sizilemera.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu a pa Liwaladzi ndiwo amatsala, ndipo amakumbukira bwino lomwe amene anasunga nthawi yawo, namaliza ntchito, kenaka n'kukhala nawo pansi. Wotere akadzaitananso msonkhano, anthu adzabwera.