Acinyamata a ku Lundazi Si Aulesi

Anzanga acinyamata, tatopa nao mau akuti ndife aulesi. Timawamva pa misonkhano, pa maliro, ngakhale pa bwalo la chalichi. Amene amanena zimenezi abwere ku munda m'mwezi wa Disembala aone amene agwira khasu. Ndani amalima nshawa, thonje, soya ndi mpendadzuwa za m'boma lino? Si ife kodi?

Vuto lathu si ulesi ai. Vuto ndi lakuti nchito zathu zimakwera lole pamodzi ndi mbeu zathu. Taonani m'nyengo yokolola. Ogula amabwera ndi masikelo ao, natenga nshawa pa mtengo umene iwo akonda. Malole amanyamuka nazo ulendo wa makilomita pafupifupi 180 kupita ku Chipata, ena mpaka ku Lusaka. Kumeneko ndiko amazisenda, kuzikazinga, kuzipera ndi kuziika m'mabotolo. Pa zonsezi pamalembedwa anthu nchito. Pambuyo pace cimponde ndi saladi zimabwerera kuno, ife nkugula modula cimene tinagulitsa mochipa. Kodi m'menemu muli cilungamo?

Ndiye cifukwa cace mnyamata akamaliza Giredi 12 amalonda nchito zija. Amakwera basi, nakafikira kwa msuweni ku Kanyama kapena ku Chawama, kumene amapeza anzace ocokera m'zigawo zonse akulimbirana maganyu omwewo. Ena amathera pa siteshoni kuitanira mabasi. Alongo athu ena amabwerako ndi mwana kumsana, m'manja mulibe kanthu.

Ena adzati: “Kampani siingabwere kutali kuno.” Kutali ndi kuti? Mzimba ali pafupi, kungodutsa pa Lusuntha, ndipo kumenekonso anthu amadya ndi kugula. Cimene cimathawitsa mwini fakitale si mtunda, koma mseu umene umathyola galimoto, mlatho umene umamira mvula ikagwa, ndi magetsi osadalirika. Tikumbuke kuti kwa zaka zambiri Lundazi anali kuunikira magetsi ocokera ku Malawi. Zimenezi sizinabwere ndi mphepo. Ndi anthu amene anasankha kuti citukuko ciyambire kwina.

Lero sitinganene kuti ndalama kulibe. Mu 2022 boma linakweza thumba la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo lakhala likukwerabe. M'thumba limeneli muli gawo la acinyamata: ngongole, thandizo la magulu ndi ndalama zophunzirira nchito za manja. Mu 2018 Chasefu ndi Lumezi anakhala maboma paokha, motero maofesi anayandikira anthu. Nanga ife tapindulapo ciani?

Pano tidzifunsenso tokha. Ndi angati mwa ife adziwa tsiku limene komiti ya citukuko ya m'wadi mwao imakumana? Tikakhala cete, ena adzatisankhira, ndipo adzatipatsa mpira ndi majezi. Mwana wosalira amafera m'mbereko.

Cotero gulu lililonse la acinyamata licite izi cisanathe caka. Lilembetse kopaletivu. Litume anthu awiri ku msonkhano wa wadi. Lipemphe zinthu zooneka: makina ofinyira saladi, cigayo ca cimponde, ndi kukonza miseu yocokera ku midzi kufika pa Boma. Khansala ndi phungu akabwera, tisawavinire cabe. Tiwafunse mwaulemu kuti ndalama za caka catha zinagwira ciani, atiuze ndi manambala.

Nshawa ndi zathu. Nchito yace nayonso itsale kuno kwathu.