Mankhwala Alipo, Nanga Nsima?

Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lambiri lopita kunja. Nchito za PEPFAR, imene kwa zaka 20 inathandiza Zambia kugula ma ARV, zinagwedezeka. Izi zinatipeza tisanapole ku cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse.

Ife kuno ku Mphamba tiona ziwiri. Mwana wamasiye womwa ma ARV m'mimba muli gwa amamva cizungulire, mawa awakana, ndipo kacilombo kapezanso mphamvu. Mtsikana wogona ndi njala savuta kumunyenga ndi ndalama pamsika wa Lundazi. Motero njala iononga citetezo ndi cithandizo pamodzi.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nshawa ndi soya timalima tokha, koma timagulitsa zonse mu Meyi mtengo uli pansi, pofika Januwale phala la ana lilibe nsinjilo.

Mphakati uliwonse ulembe nyumba za agogo olera ana amasiye. Banja lililonse lisunge tini imodzi ya nshawa ya anawo tisanaitane ogula. Tikadikira mlendo, adzatipeza tili kumanda.