Mudala wa zaka 90, boma la China ndi mwana amene sanabadwe

Kumapiri a Himalaya kuli mkangano umene ungakudabwitseni mukaumva koyamba. Mbali imodzi kuli mudala amene anakwanitsa zaka 90 pa 6 July 2025, wopanda asilikali, wopanda dziko lolamulira. Mbali inayo kuli boma la China, la anthu 1.4 biliyoni, lomwe lija linatimangira njanji ya TAZARA. Cimene akulimbirana ndi mwana amene sanabadwe n'komwe.

Mudalayo ndi Dalai Lama, dzina lake Tenzin Gyatso, mtsogoleri wamkulu wa Abuda a ku Tibet. Abuda a kumeneko amakhulupirira kuti mphunzitsi wamkulu akamwalira amabadwanso mwa khanda lina. Ndiye amonke, amuna aja ovala zofiirira amene anasiya zonse kuti azikhala m'nyumba za mapemphero, amanyamuka kukalifunafuna khandalo m'midzi. Wa leroyu ndi wa nambala 14. Anamupeza ali ndi zaka 2 pamudzi wa alimi wa Taktser, atasankha mikanda yopempherera ndi ndodo za Dalai Lama amene anamwalira mu 1933. Asilikali a China analowa mu Tibet mu 1950, ndipo mu March 1959 iye anathawira ku India. Mpaka lero akhala m'tauni ya Dharamsala.

Ise a m'dziko limene linalengezedwa kuti ndi lacikhristu mu 1991 tingapukuse mutu pa za kubadwanso. Koma funso limene lawavuta anzathuwa tilidziwa bwino: wosankha mtsogoleri wa cipembedzo ndani, eni ake cipembedzo kapena boma?

Pa 2 July 2025 Dalai Lama anayankha mbali yake. Anati udindo wake udzapitirira iye akadzafa, ndipo bungwe la ofesi yake, Gaden Phodrang Trust, ndilo lokha lili ndi mphamvu yozindikira mwanayo. Tsiku lomwelo Beijing inakana. Ati dzina la mwana liyenera kutuluka pocita maere mumtsuko wagolide, mwambo umene mfumu ya China inakhazikitsa mu 1793, ndipo boma livomereze. Cinanso, mu 2007 China inaika lamulo lakuti mphunzitsi aliyense wa Cibuda wobadwanso afunika cilolezo ca boma. Mwamva? Cipani cimene cimaletsa mamembala ake kupembedza ndico cidinda sitampa pa kubadwanso kwa munthu.

Ngati muona monga ni nkhani ya kutali maningi, kumbukirani za Chitimukulu. Mu 2013 akuluakulu a Abemba anasankha Henry Kanyanta Sosala, boma la Michael Sata linakana kumuvomereza, ndipo nkhani inakokana mpaka 2015. Caka cotsatira malamulo a dziko anasinthidwa kuti boma lisamavomereze kapena kucotsa mafumu. Kwa Acewa mukudziwa kale, mbumba ikaloza munthu, ndi yemweyo. Manje ganizirani kuti boma lakana munthu wanu, lam'tenga usiku, n'kuika wake pampando.

Ku Tibet zimenezi zinacitika. Pa 14 May 1995 Dalai Lama analengeza kuti mnyamata wa zaka 6, Gedhun Choekyi Nyima, ndiye Panchen Lama watsopano, mtsogoleri waciwiri m'kagulu kawo ka Cibuda. Patapita masiku atatu mnyamatayo ndi makolo ake anatengedwa ndi boma. Kucokera pamenepo sanaonekepo poyera. Caka comweco China inacita maere ake n'kuika mwana wina, Gyaltsen Norbu, amene lero amakhala nawo pamisonkhano ya boma ku Beijing. Akafunsidwa za woyamba uja, akuluakulu a China amati anatsiriza koleji, ali pa nchito, safuna kusokonezedwa. Koma sanalolepo munthu wakunja kukamuona. Ndipo apa m'pamene pagona nkhani, kaili mwa mwambo wawo Panchen Lama amathandiza kuzindikira Dalai Lama watsopano. Amene wagwira woyambayo wagwira kiyi ya citseko ca winayo.

Nanga anthu opanda mfuti amalimbana bwanji ndi boma lotere? Dalai Lama anasankha kale njira ya mtendere. Kuyambira 1988 sapemphanso kuti Tibet ikhale dziko palokha. Apempha kuti akhale mkati mwa China koma adziyendetsere okha za cipembedzo, citundu ndi mwambo. Mu 1989 analandira mphotho ya mtendere ya Nobel. Nthumwi zake zinakumana ndi za China maulendo 9 pakati pa 2002 ndi 2010, popanda cotulukapo, ndipo kucokera apo zokambirana zinaima.

Sindinganene kuti zonse zakhala zamtendere. Pa 10 March 2008 amonke a ku Drepung anaguba mwakacetecete mu Lhasa, likulu la Tibet, koma pofika pa 14 March masitolo anali kuyaka ndipo anthu anafa, Atibeti ndi Achina omwe. Boma linabwezera ndi dzanja lolemera. Caka cotsatira mmonke wacinyamata dzina lake Tapey, wa ku Kirti, anadzithira mafuta n'kudziyatsa moto pamsewu. Kucokera tsiku limenelo Atibeti oposa 150 acita cimodzimodzi. Nkhani imeneyi imandivuta kuilemba. Ena amati sanapweteke munthu wina aliyense, so ndi zamtendere. Ine ndiona munthu amene wapeza makomo onse otseka, khoti, nyuzipepala, msewu, n'kutsala ndi thupi lake cabe.

Cimene candikhudza kwambiri ndi njira ina, yaing'ono, imene inayamba pambuyo pa 2008. Amaichula Lhakar, kutanthauza Lacitatu loyera, cifukwa Lacitatu ndi tsiku limene amati ndi la Dalai Lama. Tsiku limenelo munthu amavala zovala za kwawo, amakamba Citibeti cokhacokha osasakaniza ndi Cichina, amadya m'malesitilanti a Atibeti anzake, amagula ndiwo kwa mnzake. Kulibe cikwangwani, kulibe kuguba, kulibe kukapempha cilolezo ku polisi. Kapokola angam'mange bwanji munthu cifukwa wadya cakudya ca kwawo? Inu amene mumadziwa mmene zimavutira kuno kuti gulu liloledwe kuguba, muona nzeru yake.

Koma ngakhale njira zofatsa zili ndi mtengo. Tashi Wangchuk anali ndi kasitolo m'tauni ya Yushu. Mu 2015 anaonekera mu vidiyo ya New York Times akufunafuna loya kuti asumire boma, cifukwa ana sanali kuphunzitsidwa Citibeti kusukulu. Anachula malamulo a China yomweyo, amene amalola mitundu ing'onoing'ono kusunga citundu cawo. Anamumanga mu January 2016, anakhala m'ndende zaka 5. Mu February 2023 akatswiri a United Nations anati ana a Atibeti pafupifupi 1 miliyoni ali m'masukulu ogonera komweko a boma, kumene maphunziro ambiri ali mu Cichina. Ganizirani mwana abwera pa holide, ambuya ake am'patsa moni, iye ayang'ana amake kuti am'masulire.

Mu February 2024 zinacitikanso ku Derge, kumene boma lifuna kumanga damu pamtsinje wa Jinsha. Madzi ake adzamiza midzi ndi nyumba za mapemphero, kuphatikizapo ya Wonto imene ili ndi zojambula zapakhoma za m'zaka za m'ma 1300. Mavidiyo amene anatuluka anaonetsa amonke atagwada pamaso pa akuluakulu a boma, akulira, atakweza zala zazikulu m'mwamba, cizindikiro cawo copempha cifundo. Mabungwe a za ufulu wa anthu anati mazana a anthu anamangidwa, ena anamenyedwa.

China nayo ili ndi mbali yake, ndipo tiimve. Imati Tibet ndi gawo lake kuyambira kalekale, ndipo isanalowe mu 1950 alimi ambiri anali ngati akapolo a mabanja olemera ndi a nyumba za amonke. Imaloza misewu, magetsi, zipatala ndi njanji imene inafika ku Lhasa mu 2006. Zomangazo zilipodi. Koma munthu akakumangira nyumba, kodi ndiye kuti asankhenso m'busa wa chalichi cako? Pamenepo ine ndikana.

Anthu amene ali mkati sangakambe, ndiye amadalira Abuda anzawo akunja. Caka ciliconse pa 10 March, tsiku limene anthu a mu Lhasa anaukira mu 1959, Atibeti othawa kwawo ndi owathandiza amaguba ndi makandulo ndi mapemphero ku Dharamsala, Delhi, London, New York. Koma tikacoka pa anthu wamba n'kufika pa maboma, mgwirizano uja umaonda msanga. Mongolia ndi dziko la Abuda ambiri otsatira mwambo wa ku Tibet. Linalandira Dalai Lama mu November 2016. China inaika ndalama zoonjezera pa katundu wodutsa pamalire n'kuimitsa zokambirana za nkhongole. Pasanathe miyezi iwiri Mongolia inati sidzamuitananso. Ku India, nduna Kiren Rijiju, amene ndi Mbuda, ananena mu July 2025 kuti wosankha ndi Dalai Lama yekha ndi ofesi yake. China itadandaula, unduna wa zakunja wa India unafulumira kunena kuti boma silitenga mbali pa za cikhulupiriro.

Kuno kumwera kwa Africa taziona ndi maso. South Africa inam'mana viza mu 2009. Mu 2011 analepheranso kubwera ku phwando la mnzake Desmond Tutu la zaka 80, viza osatuluka, ndipo Tutu anakalipa kuti boma la ANC laposa la tsankho. Mu 2014 msonkhano wa olandira mphotho ya Nobel unacotsedwa ku Cape Town n'kupita ku Rome pa cifukwa comweco. Botswana yokha ndiyo inalimba mtima mu 2017. Ian Khama anauza a China kuti dziko lake si koloni yawo, ngakhale pamapeto pake mudala sanabwere, madokotala atamuuza kuti apumule.

Nanga ise? Boma lathu limatsatira mfundo yakuti China ndi imodzi, ndipo ubale wathu unayamba kale, nthawi ya Kaunda, pamene maiko a azungu anakana kutimangira njanji. Ubale umenewo ndi weniweni. Koma palinso masamu. Pa nkhongole ya madola 6.3 biliyoni imene maboma anagwirizana kutipepukitsira mu June 2023, pafupifupi 4.1 biliyoni ndi ya banki ya China. Aliyense amene anakwerapo basi yocepa ndalama adziwa kuti sungakangane ndi kondakita ukalibe kufika. So musayembekeze kumva liwu la Tibet kucokera ku Lusaka.

Tsiku lidzafika ndithu, ngakhale mudala amanena moseka kuti afuna kufika zaka 130. Akadzapita, zionetsa kuti padzakhala ana awiri. Wina adzapezedwa ndi amonke a ku Dharamsala, kunja kwa China monga mwini wake ananenera m'buku lake la mu March 2025. Wina adzatuluka mumtsuko wa Beijing. Maboma okhala ndi nkhongole adzauzidwa mwana woti aombere m'manja, ndipo ine sindikayika kumene ambiri adzaloza. Atibeti eni ake anaonetsa kale zocita zawo pa Panchen Lama: wa boma ambiri amam'chula kuti Panchen wabodza, ndipo pamene amaguba kunja amanyamula cithunzi ca woyamba uja. Cithunzico ndi cimodzimodzi caka ndi caka, ca kamnyamata ka masaya ofiira. Mwini wake anabadwa pa 25 April 1989.