Sipeyala ya masabata atatu ndi kuba masana

Corolla yanga ndi ya 1998. Inayenda kaye m'misewu ya ku Japan isanatsike padoko la Dar es Salaam, ndipo ndilibe ndalama yogulira ina. Ambiri a inu awerengi muli m'gulu lomweli. Galimoto yakale imakhala ndi moyo chifukwa cha masipeyala basi.

Mwezi wathawu ndinagula alutaneta pasitolo ina ku Limbe. Itagwira ntchito masabata atatu, inafa usiku pakati pa msewu wa Zomba. Nditabwerera nayo, mwini sitolo sanavutike n'kuyankhula komwe. Anangondilozera chikwangwani chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Ndikufunsa: kodi kumeneku ndi kugulitsa kapena kuba masana dzuwa likuswa mtengo?

Abale athu amene anakhalapo ku America akudziwa za masitolo monga AutoZone. Kumeneko masipeyala ambiri, kuphatikizapo alutaneta ndi mabuleki, amagulitsidwa ndi lonjezo lakuti akafa adzakupatsani ena ulere, malinga galimotoyo ikadali yanu. Si chifundo ayi. Lonjezolo limatha mukagulitsa galimoto, makaniko mumamulipira nokha, ndipo wogulitsa anawerengera kale zonsezi pamtengo. Koma taonani chimene lonjezo limachita: katundu akakhala wabodza, woluza ndi wogulitsa, choncho amasankha bwino kumene akuoda.

Kuno woluza ndi inu ndi ine. Amalonda athu akuti ndalama zakunja zikusowa, ndiponso kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zoona. Nanga si ndiye chifukwa chake sitingagule chinthu chimodzi kawiri? Ndiponso ngati alutaneta yabodza imakusiya mumdima, buleki yabodza pa minibasi yodzaza ikutsika Ntcheu imasiya ana amasiye.

Sindikupempha lonjezo la moyo wonse. Miyezi isanu ndi umodzi yolembedwa pa lisiti ndi yokwanira. Lamulo loteteza ogula lilipo kuyambira 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lachenjeza kambirimbiri kuti zikwangwani zoterezi n'zosaloledwa. Nanga bwanji zikadali pakhoma? A Malawi Bureau of Standards, katunduyu akulowa bwanji?

Awerengi, musapereke ndalama popanda lisiti. Funsani kuti lonjezo lake ndi la miyezi ingati. Wogulitsa akakana kulemba, ndiye kuti wakuuzani yekha kuti katundu wake sakumukhulupirira, tulukani. Akakubwezani ndi chikwangwani, kadandauleni. Wakutsina khutu ndi mnansi.