Tchuthi cha Ogasiti, banja lipite ku Mkaika

Banja la ku Vubwi lofuna kuonetsa ana mapiri ndi mwambo lisavutike kuyang'ana kutali, lingodzera ku Chadiza n'kukafika ku Katete kumapeto kwa Ogasiti, sukulu zili pa tchuthi. Mapiri a Mphangwe amayamba kuoneka musanafike pa boma la Katete, udzu utauma, miyala ili poyera. Loweruka lomaliza la mweziwo, ku Mkaika, kufupi ndi Katete, kumachitika mwambo wa Kulamba: mafumu a Chichewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzagwada kwa Kalonga Gawa Undi, kupereka mphatso ndi kufotokoza za m'madera awo. Atsamunda anauletsa mwambowu mu 1934, ndipo unayambiranso mu 1984. Ana amaona anamwali otsiriza chinamwali akuvina, fumbi lili koboo, Gule Wamkulu atalowa m'bwalo, gule yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005. Alendo amawoloka nyanja kupita ku mapiri a Meghalaya ku India kukadabwa ndi mtundu wa Khasi, amene amaluka milatho ndi mizu yamoyo ya mitengo, ndipo mwana amatenga mtundu wa mayi ake, chuma cha makolo n'kusungidwa ndi mwana wamkazi wotsiriza. Mchewa sangadabwe kwambiri. Kwathu kunonso mbumba imayang'aniridwa ndi atsibweni, mkamwini amamanga kwa mkazi, ufumu umadzera kuchikazi. N'zomvetsa chisoni kuti ana ambiri a ku Vubwi amangomva za Mkaika pa wailesi, pomwe ulendo wake ndi wa tsiku limodzi, bola kusungitsa malo ogona ku Katete msanga, chifukwa sabata imeneyo amadzaza.

Wolemba: Mwana wa kwa Pembamoyo